Tizigoba ta ku Namitete

Ntchito yanga yoyamba ndinaimvera kutchalitchi kwathu ku Nambuma. Mkulu wa mpingo wina anandiuza kuti a Dokotala Kamwendo, amene ankachita kafukufuku ku Namitete, akufuna munthu wodziwa kemisitiri. Digiri yanga inali ikugona m'sutikesi, ine ndikusoka fodya m'chigafa. Ndinapita.

Labotale yake inali chipinda chimodzi. Tinkapanga tizigoba ta silika, chinthu chopezeka mumchenga, tosaoneka ndi maso, topanda kanthu m'kati, toti tizisunga mankhwala a nankafumbwe n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'thumba la chimanga. Ndinkasungunula sopo wapadera m'madzi n'kutakasa mpaka madziwo atachita mbuu. Apo ndiye kuti sopoyo wapanga timatumba tating'onoting'ono. Kenako ndinkadontheza madzi a silika ndi kapaipi kagalasi kotchedwa pipeti, kuti silikayo amate timatumbato kunja. Tikasefa n'kuumitsa, ufa wake tinkauika m'ng'anjo yamagetsi kuti sopo apse, tizigoba titsale.

"Kutentha kuzikwera pang'onopang'ono, a Tiyamike," ankatero a Kamwendo. "Kukathamanga, tizigoba timaphulika."

Makina oonera tizigobato kuno kunalibe. Ufa unkapita ku Joni, ife n'kumadikira zithunzi.

Tsiku loipa linafika titatsegula botolo lomaliza la silika. Amene ankalipirira kafukufukuyo anali atanena kuti akapanda kuona zithunzi zabwino, atseka labotaleyo. Ng'anjo itangoyamba kutentha, magetsi anathima. Jenereta inalibe dizilo, pakuti chaka chimenecho mafuta ankasowa paliponse. Ndinakhala pafupi ndi ng'anjoyo, ikuzizira ine ndikuona. Magetsi anabwera mwaukali, kutentha n'kulumpha ndisanafike pozimitsira.

Ufawo tinautumizabe. Zithunzi zitafika, a Kamwendo anandiitanira pa kompyuta. Zinali zidutswa zokhazokha, ngati mazira opondedwa ndi ng'ombe. Pakona pokha panali kachigoba kamodzi kathunthu, kozungulira bwinobwino, kowala pakati posonyeza kuti m'kati munalibe kanthu.

"Mwakaona, eti?" anatero akuloza ndi cholembera. "Njira yathu sinalakwike."

Anavula magalasi. Mwezi usanathe anabwera anthu ndi galimoto kudzanyamula ng'anjo.

Pano ndimaphunzitsa sayansi cha ku Kabudula, pasukulu yopanda ngakhale pipeti. Timatumba tija ndimatijambula ndi choko. Ana akandifunsa ngati kulimbikira kumapindula, ndimasintha nkhani. Ku Namitete ndinaphunzira kuti kuno ntchito imatha kukhala yolondola n'kufabe, popanda ndi mmodzi yemwe wobwera kumaliro ake.