Tiyese ndi zivundikiro za mawu

Inu amene mayeso akugwetsani, imvani za Tiyese wa ku Biwi.

Analemba MSCE kawiri, ndipo kawiri konse Chingerezi anapeza 9. Masamu anakhoza, Bayoloje anakhoza, koma popanda Chingerezi satifiketi kulibe. Ephraim, yemwe ankamuperekeza kumpopi akumulonjeza ukwati, anapita ku koleji n'kusiya kuyankha foni. Malume ake amene ankamusunga anagula khasu n'kuliimika pakhomo.

"Ukalepheranso, ukalima mbatata ku Dedza," anatero.

Kenako foni ya Tiyese inagwera m'ndowa ya madzi. Anapita nayo kwa a Yakubu, okonza mafoni pamsika, ali ndi chiyembekezo choti mwina Ephraim aimba. Bambowa analekeza Sitandade 7, koma ankawerenga zonse zotuluka pa mafoni osadodoma.

"Chingerezi chonsechi munachiphunzira kuti, bambo?"

"Sindichidziwa, mwana wanga. Ndimangochitsegula ngati foni. Lock ndi kutseka. Ukaika un koyambirira, watsegula. Connect ndi kulumikiza. Dis amadula, re amabwezeretsa. Aphunzitsi anu amati maprefikisi, ine ndimati zivundikiro. Chotsa chivundikiro, uone zam'kati."

Foni ija siinadzuke. Tiyese analira njira yonse, koma mawa lake anatenga kope n'kuyamba kutola mawu pa zikwangwani, pa mabotolo a mankhwala, pa nyuzi zokulungira bonya. Mis amatanthauza molakwika. Pre amatanthauza chinthu chisanachitike. Im amakana. Anzake ankamunena kuti wapenga. Masiku ambiri iyenso ankawakhulupirira, makamaka akaona khasu lija potuluka m'mawa.

Pa tsiku la mayeso anakumana ndi mawu oti misjudged, amene anali asanawaonepo. Anaphimba mis ndi chala, n'kuona judged atatsala yekha. Kuweruza. Kuweruza molakwika. Anayankha, n'kupita ku funso lina.

Zotsatira zitatuluka, Chingerezi anapeza 6. Sabata yomweyo anamva kuti Ephraim ali ndi wina wa ku koleji komweko. Analiranso, ndisakunamizeni. Koma ku Dedza sanapite, ndipo khasu lija malume amalambulira ngalande ya kuseri kwa nyumba.

Mnzanga, mawu amene akukuopsawo mwina theka lake ukulidziwa kale. Usatseke kope. Phimba koyambirira ndi chala, uwerengenso.