Tiriyangulo ya a Gracinda

Achemwali anga, a Gracinda, sadziwa kukhala pansi. Ku Ntengo-Wambalame kuno aliyense amawadziwa: m'mawa ali kumunda wa kachewere, masana ali pamsewu kukangana ndi ogula, ngakhale kudya amadya choimirira.

Sukulu adalekezera setima kalasi, kalasi yachisanu ndi chiwiri. Tsiku lina mphunzitsi wa masamu adawauza pamaso pa anzawo kuti mutu wawo ngwolimira basi. Iwo adakhulupirira, ndipo sadapondekonso. Mpaka lero zimandipsetsa mtima.

Chaka chino mwana wawo Marlene adabwera ndi telefoni yokhala ndi pulogalamu ya kusukulu. Ukafuna kutsimikiza mfundo ya masamu, umalemba zifukwa zako mzere ndi mzere. Mzere wolakwika umafiira. Zonse zikalumikizana, imabiriwira. A Gracinda adayamba n'kusuzumira, kenako adailanda.

"Kanthuka sikaseka munthu," adandiuza. "Kamangoloza pomwe waphonya, n'kudikira."

Adakakamira funso limodzi: kusonyeza kuti makona atatu a tiriyangulo iliyonse akaphatikizidwa amapanga mzere wowongoka. Ankajambula pansi, pamatumba, ngakhale pakhoma la khitchini yanga! Ine ndinkawaseka kuti ukalamba wawayamba molakwika. Mzere wachinayi wa zifukwa zawo unkafiirabe, ndipo nthawi inkatha, chifukwa Marlene ankapita kukaphunzira ku Tete, telefoni n'kupita nayo.

Tsiku la ulendo, shapa, minibasi ya ku Tete, italiza kale injini, a Gracinda adakuwa, n'kuithamangira chitenje chili m'manja.

"Marlene! Jambula linya ina yowongoka pamwamba, paralela ndi yapansiyo, zosakumana! Ma angulo, makona a m'mbaliwo, ngofanana!"

"Amayi, pano rede palibe, telefoni sikugwira! Ndikayesa kutsogolo!"

Shapa idapita. Tsiku lonselo achemwali adali yakaliyakali: kumunda, kumsewu, kumundanso, osakumba ngakhale phando limodzi. Ine ndidasiya kuseka, chifukwa ndidaona kuti si tiriyangulo yomwe ankadikira. Ankafuna kudziwa ngati mphunzitsi uja adanena zoona.

Chakumadzulo Marlene adaimba pa telefoni ya amuna anga.

"Muwauze amayi kuti yabiriwira. Yonse."

Ndinkayesa avina. Koma adakhala pansi, pa thumba la kachewere. Kenako adandiyang'ana, maso ali psuu.

"Doroteia, ndiye kuti zaka zonsezi ndikadatha?"