Njerwa Zimene Tinaumba ku Nkhorongo

Ine ndine telala, ndipo pakamwa panga sipachedwa kupsa. Anthu a ku Nkhorongo, kuno ku Mzuzu, anandizolowera choncho chibwerereni kuchokera kwathu ku Ntcheu, moti pamsonkhano wa makolo ankayamba ayang'ana ine asanayang'ane ahedi. Koma tsiku limene ahedi anatiuza kuti sukulu yathu itsekedwa, ndinangoti kakasi, mawu osatuluka.

Kanali kasukulu kakang'ono, komangidwa ndi makolo akale, njerwa zake zolumikiza ndi matope. Khoma la Sitandade 3 linali ndi mng'alu woti mwana ali panja ankapatsira mnzake chimanga chokazinga ali m'kalasi. Akuluakulu a zamaphunziro atabwera kudzaona, anati ngati sipakhala chipinda chatsopano pofika chaka china cha sukulu, ana onse apite kusukulu yaikulu ya kutsidya kwa dambo.

Kwa ena, kutsidya kwa dambo kunali kungodzuka m'mamawa basi. Kwa ine inali nkhani ina. Mwana wanga wamkazi anabadwa ndi mwendo wopindika, amayenda ndi ndodo. Kasukulu kathuko kanali pafupi moti belu likalira iye ali pakhomo, ankafikabe nyimbo ya fuko isanathe. Ndipo mutu wake unali wakuthwa. Masamu a nsalu zanga ankandikonzera ndi iyeyo, n'kumandiseka kuti ndinathawa sukulu ndi pawindo.

Wapampando wa komiti anali mkulu wina wa ku Nkhata Bay, kalaliki wopuma ntchito, munthu wovala tayi ngakhale popita kumunda. Anaimirira n'kukonza kukhosi.

"Amama ndi adada, no problem," anatero, akusakaniza zilankhulo monga mwa chizolowezi chake. "Sukulu iyi adada athu anaimanga ndi manja. Ise manja tilibe? Banja lililonse liumbe njerwa. Boma likaona uvuni, lidzadziwa kuti kuno kuli anthu. Yewo chomene."

Apo mpamene pakamwa panga panatseguka. Ndinaimirira n'kunena kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo aliyense amene sabwera ndi khasu asadzabwerenso kwa ine ndi thalauza long'ambika. Anthu anaseka, anawomba m'manja. Kwathu, kwawo, kulikonse kumene aliyense wa ife anakulira, chitukuko chimayamba ndi njerwa. Tchalitchi njerwa, chipatala njerwa. Panalibe chofunsa.

Tinayamba m'nyengo yozizira. Amene sanapondepo matope ku Mzuzu mwezi wa Juni asandiuze za mavuto. Zala za kumapazi zimachita kufa, ming'alu ya m'zidendene n'kutseguka. Komanso mvula yamawawa ya kuno ilibe kalendala. Timaumba lero, mawa tipeze njerwa zonse zasanduka phala. Tinafunditsa udzu, tinafunditsa mapulasitiki, ine ndinafika popereka chinsalu chimene ndimafunditsa makina anga. Ophunzira ena a kuyunivesite ya ku Luwinga anabwera Loweruka lina kudzathandiza. Anajambula zithunzi atagwira chikombole, n'kubwerera nsapato zili mbee, zoyera ngati mmene anabwerera.

Mwana wanga sakanatha kuponda dothi, koma kukhala pakhomo anakana. Ntchito yake inali yotembenuza njerwa kuti ziume, akudzikoka pansi mzere ndi mzere. Njerwa zikakhala zanthete, ankazidinda ndi nsonga ya ndodo yake, kusiya kabowo kozungulira. Ndinamukalipira kuti akuwononga. Iye anati, "Amayi, ndikufuna ndikadzakhala m'kalasimo ndizidzazidziwa zanga."

Nkhuni zinavuta. Pomaliza tinagwetsa mitengo ya bulugamu ya kuseri kwa sukulu, imene ana ankakhala pamthunzi wake nthawi yopuma. Uvuni unapsa bwino. Njerwa zinatuluka zofiira, ukaziombanitsa zikulira ngwee. Amayi a kwaya anaimba, awapampando anagula tayi yatsopano.

Kenako kunabwera injiniya wa boma woti adzaone malo. Anali mnyamata waulemu, wolankhula motsitsa. Anatipatsa moni, "Monire mose," n'kuzungulira uvuni wathu pang'onopang'ono. Anayang'ana zitsa za bulugamu zija nthawi yaitali, kenako anavula chipewa.

"Pepani chomene, adada," anauza awapampando. "Masiku ano sukulu sitimanga ndi njerwa zootcha. Zimatha mitengo. Pamafunika mabuloko a simenti."

Ine ndinalowererapo. "Achimwene, mukuti chiyani? Mapazi athu ang'ambika chonchi, inu mukuti simenti? Bwanji simunanene kale?"

"Amama, nkhaniyi si yatsopano," anayankha osakweza mawu. "Tinkayesa mukudziwa."

Ndikanakonda akanakhala wamwano, ndikanamutukwana mtima n'kukhala pansi. Koma munthu wakupepesa umutani? Safunsa anadya phula, ndipo phulalo tinadya tonse, ine patsogolo. Awapampando anamasula tayi ija n'kuipinda m'thumba. Chiyambireni kuwadziwa, ndinali ndisanaonepo khosi lawo.

Sitinagonje pomwepo. Tinayenda m'maofesi m'tauni, tinakalankhula kutchalitchi, tinakadandaula kwa aliyense wovala jekete. Kulikonse ankatipatsa mpando, kutimvera chisoni, n'kutilozera khomo lina. Simenti yomangira chipinda chonse sinali ya anthu ogulitsa tomato ndi osoka zigamba. Anthu anayamba kuchepa pamisonkhano. Sindiwada, ana awo anali ndi miyendo iwiri yabwino. Sukulu zitatsegulira, pakhomo la kasukulu kathu panali loko.

Ndinayesa kumamukweza kabaza mwana wanga popita kusukulu ya kutsidya ija, koma mvula itayamba njinga sinkadutsa padambo. Ndiye ndinayamba kumubereka. Mtsikana wamkulu ndithu, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwanga, ndodo ndi chikwama atagwirira kumanja. Makasitomala ankandipeza kulibe, msana unkaphwanya, koma ndinkati bola afike. Tsiku lina ndinaterereka pamtengo wowolokera, tonse awiri n'kugwera m'matope. Ana amene anali pambuyo pathu anaseka. Sanali ana oipa, anaseka monga mmene ana amasekera. Mwana wanga sanalire. Anangoti, "Amayi, tiyeni kunyumba." Mawa lake anakana kuvala yunifolomu, mkuja wake chimodzimodzi. Ndinakalipa, ndinanyengerera, ndinalira pamaso pake. Pakamwa pamene pamaopedwa ndi Nkhorongo yense panalephera mwana mmodzi.

Njerwa zija komiti inatigawira. Ena anamangira zimbudzi, ena makola a nkhumba. Ine zanga ndinayala pakhonde pamene ndimasokera, poti matope ankandivuta. Zingapo zili ndi kabowo kozungulira kaja, ndipo ndikamasesa ndimayang'ana kumbali.

Mpamene amakhala tsopano mwana wangayo, pambali pa makina, akusokerera mabatani ndi kupinda m'mphepete mwa masiketi. Dzanja lake ndi labwino kuposa langa, ndipo zimenezo zimandipweteka m'malo mondisangalatsa. M'mawa anzake akamadutsa amamupatsa moni, iye n'kuyankha osadzutsa mutu.

Mwezi wathawu anatulutsa yunifolomu yake m'sutikesi, ataichapa, ataisita.

"Amayi, muichepetse iyi," anatero. "Mwana wa aneba akuyamba sukulu, alibe yovala. Kuno ikungodyedwa ndi mphemvu."

Ndinafuna kukalipa, koma ndinasowa womukalipira. Ndinaiyala patebulo, n'kutenga choko ndi sizasi. Ulusi unakana kulowa pasingano, maso anali atachita chifunga. Anandilowetsera ndi iyeyo.