Achemwali Anandidikira M'chipinda cha ku Kariakoo

Usiku wathawu ndinalota ndili ku Dar es Salaam, anzanga, ndipo mpaka pano mtima sunakhale m'malo. Ndati ndifotokozere inu amene timayendera limodzi geniyi, mwina wina andimasulira. Koma chonde zithere pompano.

Ndinalota ndatsika basi dzuwa lili paliwombo, thukuta lili kamukamu, ndanyamula chikwama chamizeremizere chopanda kanthu. Ndiye ndinangopezeka ndaima pakhomo pa lesitihausi ija ya kuseri kwa msika wa Kariakoo, imene tinkagona ine ndi malemu achemwali anga a Esita tikapita kokaoda zitenje ndi nsapato. Amene simunafikeko, ndi kanyumba kosanja kopanikizika pakati pa mashopu, kotchipa, kodzaza ndi ife a geni ochokera kutali. Pansi amagulitsa matayala a njinga zamoto, zipinda zogona zili pamwamba. Achemwali anamwalirira momwemo zaka ziwiri zapitazo, ndipo chibwerereni ndi maliro awo sindinapondekonso ku Dar. Katundu ndimangotuma anzanga. Koma m'malotomo zonsezi ndinali nditaiwala. Chimene ndinkadziwa n'chakuti ndachedwa, basi.

Pa kauntala panali mayi yemwe uja wa mpango wakuda amene amalandira alendo. Masiku onse amayankhula Chiswahili chokhachokha, koma apa anandiyankhula Chichewa cha kwathu ku Dedza chenicheni. Anati, "Mwafika? Akulu anu akudikirani kuyambira kalekale. Kwerani." Ndiye anandipatsa kiyi womangirira ku kathabwa, kachidutswa ka sopo, ndi mapatapata osiyana mitundu, lofiira ndi labuluu, monga amachitira kumeneko kuti alendo asamapite nawo kwawo.

Kenako ndinayamba kukwera. Masitepe aja ndi ochepa, koma ulendo uwu sankatha. Ndikakhota ndimapeza msika uli m'katimo. Apa azimayi akukazinga nsomba, apo bambo wina akusenda chinanazi, apo ngolo zokankha zadzaza mabelo zikufuna njira. Ogulitsa ankandikoka mkono kuti ndione katundu, ine ndinkangoti ndibwera, ndibwera. Madzi ofunda amchere ankatsetsereka pamasitepe mpaka kundifika m'mawondo, ndipo pamwamba pake pankayandama mabatani a malaya. Palibe ankadabwa nazo. Nanenso sindinadabwe, ndinangokweza chitenje n'kumakwera.

Ndiye ndinafika pachipinda chathu chakumapeto, choyandikana ndi bafa. Ndinatsegula. Achemwali anali pabedi, atatambalala, akupinda zitenje. Anali onenepa bwino ngati kale asanayambe kudwaladwala, masaya ali phwii, mutu ataluka mizere itatu ija ankaikonda paulendo. Fani ya kudenga inkazungulira mwaulesi ikulira kwee, kwee. Neti yobooka ija anali ataimanga mfundo pamwamba. Ndowa yosambira inali pakona. Zonse zinali momwe zimakhalira, kupatula zenera. Zenera lija limayang'ana madenga a dzimbiri ndi mawaya a magetsi, koma nditasuzumira ndinaona munda wa malemu amayi ku Dedza, mbatata ya kachewere itachita maluwa, nkhungu itatsika phiri. Kunja kuzizira, m'chipinda ng'anjo.

Achemwali sanadzuke n'komwe. Anangoti, "Rozi, wabwera? Tagwira uku." Anandipatsa nsonga ya chitenje, tinayamba kupinda awiri. Tikapinda chinkangotalika, tikapinda chinkangotalika, mpaka chinadzaza bedi n'kugwera pansi. Iwo kuseka. Kuseka kwawo kuja kogwira m'nthiti, kotulutsa misozi. Kenako pakati pathu panapezeka mbale imodzi ya tchipisi cha mazira, tinayamba kudya ndi manja. Ankasankha zokazingika bwino n'kumakankhira mbali yanga. Ndi mmene ankachitira kuyambira ndili mwana. Amayi atamwalira anandilera ndi iwowa. Banja langa litatha, ndi iwo anandikoka kuti tiye ukaone mmene anzako akudyetsera ana. Tsiku loyamba ku Dar anandiwolotsa msewu atandigwira dzanja ngati kamwana ka sukulu ya mkaka, chonsecho ndili mayi wa ana awiri. M'malotomo ndinadya tchipisi chija ndili wokondwa, anzanga, kukondwa kumene sindinakumvepo zaka ziwiri zonsezi.

Apa ndiime kaye ndikuuzeni zimene sindinauzepo munthu, chifukwa popanda zimenezi malotowa simuwamva.

Tsiku limene anamwalira anadzuka akudandaula mutu ndi khosi. Anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo kutentha kwa ku Dar sikunkawayanja. Anandiuza kuti ndipite ndekha ndikatenge nsapato zimene tinasankha dzulo lake, iwo agoneko pang'ono. M'chipindamo munali mabelo athu onse, chotsekera cha m'kati chinali chothyoka, ndipo kiyi anali mmodzi. Ndiye ndinawakhomera kunja kuti agone mtima uli m'malo, kiyi n'kuika m'chikwama. Foni yawo inalibe layini ya kumeneko, tinkagwiritsa ntchito yanga, ndipo ndinapita nayo. Ndinati ndibwera pakatha ola limodzi. Koma mukuudziwa msika uja. Ndinapeza zikwama zatsopano zangofika, ndinalowa shopu iyi, shopu iyo, ndinakhala pansi kumwa madzi a nzimbe, ndinacheza ndi mayi wina wa ku Zambia. Ndinabwerera dzuwa litapendeka, nditawagulira kokonati woti amwe. Nditatsegula, chitseko chinakana kukankhika. Anali atagona pansi kuseri kwake. Sanafere pabedi, anzanga. Anakwawa mpaka pachitseko. Pansi paja jenereta inkalira tsiku lonse, palibe anamva kanthu. Kuchipatala anangotiuza kuti tabweretsa munthu atapita kale.

Kumudzi ndinanena kuti anatsirizika ali m'manja mwanga, mwakachetechete, osavutika. Ndinauza zimenezo amalume, ndinauza abusa, ndinauzanso Tadala, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene pano ndimakhala naye ngati wanga.

Ndiye m'malotomo, ndili pakati pa kudya, zonsezi zinandibwerera nthawi imodzi. Ndinayang'ana chitseko. Chinalibe chogwirira m'kati, linali thabwa losalala basi, ndipo m'munsi mwake penti inali itakandika. Ndinatsika pabedi n'kugwada pasimenti. Ndinafuna kunena kuti pepani achemwali, koma mawu sanatuluke. M'malo mwake pakamwa panga pankatuluka ulusi wofiira, wautali, wosaduka. Achemwali anagwira nsonga yake n'kumaukulunga pachala modekha, ngati munthu amene akuti ndidzasokera china chake. Ankakulunga akundiyang'ana. Nkhope yawo inalibe mkwiyo ngakhale pang'ono.

Kenako anati, "Ndinakuitana, Rozi. Ndinaitana mpaka mawu anandithera. Ndiye ndinati msiyeni mwana, mwina wapeza katundu wabwino."

Bola akanandikalipira. Bola akananditukwana kapena kundimenya ndi patapata ngati kale ndikaba shuga. Koma anangonena choncho, n'kundipukuta thukuta pamphumi ndi nsonga ya chitenje, n'kundifunsa ngati nsapato zija ndinazipeza za saizi zonse. Ndinagwedeza mutu kuti eya. Anati wachita bwino.

Kenako tinapezeka tili m'basi yobwerera kumudzi. Mipando inalibemo, tinakhala pabedi lomwe lija, mabelo atatizungulira, fani ikulirabe pamwamba. Tinadutsa minda ya nthochi, tinadutsa mapiri, ogulitsa mazira owiritsa akugogoda mazenera. Achemwali anatsamira paphewa langa n'kugona. Ndinkamva kulemera kwa mutu wawo, ndinkamva fungo la mafuta aja ankadzola. Ndinkaopa ngakhale kutsokomola kuti ndingawadzutse. Mumtima ndinkati ulendo uno ndiye ndifika nawo, ndikawatsitsa pa depoti amoyo, Tadala adzawathamangira, anthu onse aja analira adzachita manyazi.

Ndiye tinafika pa boda ya Songwe. Anthu onse anatsika kuti awoloke mlatho wapansi monga timachitira. Achemwali anasenza belo langa pamutu, lina anakolekera kumsana, ine sanandilole kunyamula kanthu. Tinayenda. Mtsinje pansi unali utauma, munkadutsa ng'ombe. Titafika pakati penipeni pa mlatho anatula katundu n'kuti, "Ine ndithera pano." Ndinawagwira mkono. Anatulutsa pasipoti yawo kundionetsa, m'kati munalibe tsamba ndi limodzi lomwe, zikuto zokha. Wapolisi amene anaima pamenepo anayang'ana kumbali ngati akumva chisoni.

Achemwali anamasula belo limodzi n'kutulutsa chitenje chobiriwira chimene sindinachionepo, chokongola koopsa. Anandipatsira m'manja n'kuti, "Ichi n'cha Tadala. Usakampatse chopinda. Ukachitambasule, aone ndi pamene chinang'ambika." Ndinatsegula pakamwa kuti ndifunse ngati akutanthauza kuti ndikamuuze zonse. Koma iwo anaika chikhatho chawo pakamwa panga, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono. Dzanjalo linali lozizira ngati madzi a m'mtsuko. Ndiye pamenepa mpamene pandisokoneza, chifukwa mawu awo ananena china, dzanja lawo linanena china.

Kenako anatembenuka n'kumabwerera. Ndinawatsatira ndikuthamanga, koma iwo akuyenda pang'onopang'ono ankanditalikirabe. Kumapeto kwa mlatho kunalibenso Tanzania, kunali kanjira ka m'lesitihausi kaja, ka mdima, konunkha sopo ndi nsomba zokazinga. Analowa m'chipinda chakumapeto. Anaima pakhomo, anandiyang'ana bwinobwino kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuti, "Waonda iwe. Uzidya." Kenako anati, "Khoma, mng'ono wanga, katundu angabedwe." Anakoka chitseko okha.

Kiyi anali m'dzanja langa. Sindinkafuna, anzanga, Mulungu ndi mboni. Ndinagwira dzanja lamanja ndi lamanzere kuti lisapite, koma linkapita lokha. Ndinakuwa kuti mayi wa pa kauntala abwere, jenereta inameza mawu anga. Kiyi analowa. Ndinamva kiyiyo akutembenuka. Ndiye m'kati munayamba kugogoda, pansi penipeni pa chitseko, pang'onopang'ono, go, go, go.

Ndinadzidzimuka kutayera kale, pilo atanyowa, dzanja nditafumbata mpaka zikhadabo zalowa m'chikhatho. Kugogodako kunali kwenikweni. Anali Tadala pakhomo la kuchipinda kwanga, atanyamula kapu ya tiyi. Anati, "Amayi aang'ono, mwagonereza lero. Mukudwala?" Ndinati ayi mwanangu, ndi chimfine chabe. Anaika kapu pampando n'kutuluka akuimba.

Akuimba chifukwa mwezi wamawa ndi chinkhoswe chake. Ndipo Lamulungu lapitali anandipempha chinthu chimene ndinalephera kukana. Akufuna tipite awiri ku Dar tikasankhe zitenje za pachinkhoswepo. Anati, "Tikagone momwe munkagona ndi amayi. Mukandionetse bedi limene anatsirizikira, ndikangokhalapo pang'ono, ndikawauze kuti ndapeza banja." Ndinavomera. Matikiti tadula kale, tinyamuka Lachisanu. Mayi wa pa kauntala uja analipo tsiku limenelo, anandithandiza kukankha chitseko, ndipo Tadala Chiswahili amachimva pang'ono.

Ndiye ndithandizeni, inu odziwa kumasulira. Munthu wakufa akakupatsa nsalu n'kuti ukaitambasule, koma yemweyo n'kukutseka pakamwa, ndiye kuti akufuna chiyani? Ndimuuze mwanayu tisanakwere basi, kapena ndikamuonetse bedi n'kukhala chete monga ndakhalira? Musandinyengerere, ndiuzeni mmene mukuonera. Tiyi uja wazizira pampando pomwepo, ndipo Tadala ali pabwalo akuchapa chikwama cha ulendo.