Njinga zopanda kaliyala

Moni nonse abale.

Lero mpikisano wa njinga wa masiku angapo uja wadutsa pano pa Chegutu kulowera ku Kadoma. Ndinapita nawo Bambo kumsewu, nditawanyamulira mpando. Apolisi anaimitsa makombi, maminibasi athu aja, kenako anyamata apanjingawo anatulukira ali gulu limodzi, matayala akungowirima ngati mvula ikubwera patali. Kuphethira kamodzi, apita.

Bambo anatsala akuyang'ana komwe alowerako. Kenako anati, "Njinga zabwino, koma zilibe kaliyala. Nanga amayi anu akanakhala pati?"

Paja ankawakweza pa kaliyala malemu Amayi popita ku fakitale ya nsalu.

Tsopano akuti titsitse njinga yawo ija padenga, tiikonze. Mawondo awo aja mukuwadziwa. Achimwene, titani? Ine kuwakaniza kwandikanika.