Chitsamba Chimene Mayi Anapereka kwa Mulungu

Ndikamathirira chitsamba cha masamba ofiira pansi pa mango apa, ndimakumbukira mayi ku Biriwiri. Chawo chinkakondanso mthunzi, ndipo Loweruka ankathyolako nthambi zokakongoletsa guwa la kutchalitchi.

Tsiku lina anyamata a chipani anabwera ndi zikwanje, akufuna masamba okongoletsera nsanja ya msonkhano.

"Mayi, patukani!"

"Ana inu, ichi ndinapereka kale kwa Mulungu. Kapempheni kwa Mwiniwakeyo."

Anachidula mpaka patsinde. Mayi anatola nthambi zotsala n'kumazikwirira m'dothi, akuimba nyimbo yotamanda. Ine ndinalira, poyesa kuti ndi maliro a chitsamba chathu.

Mvula itagwa, zonse zinaphuka. Changachi ndi mdzukulu wa zomwezo, ndipo sichinakongoletsepo nsanja ya munthu.