Yankho la NyaJere M'kamwa Mwanga

Ntchito yomasulira pa mitsutso ya ofuna ukhansala ndinaipezera kutchalitchi. Ndinali nditangopuma pa uphunzitsi, ndipo Lamulungu ndinkamasulira ulaliki kuchoka m'Chitumbuka kupita m'Chichewa. A Gondwe, mayi wa bungwe lokonza mitsutsoyo, anandimva n'kundiitana. Kalata yondilemba ntchito ndikadali nayo, pamodzi ndi ndondomeko ya msonkhano uliwonse umene ndinaimapo.

Zida zake n'zochepa: maikolofoni yopanda chingwe, mabatire apadera m'thumba la jekete, ndi pensulo yolembera maina a malo kuti usawasokoneze. Umaima chakumbuyo kwa wolankhula, n'kumudikira apume. A Gondwe anandipatsa lamulo limodzi: "Adada, musawonjezere, musachotse. Akati 'ine', inunso muziti 'ine'. Zoti 'akuti, akuti' sindizifuna."

Kuvuta kwa ntchitoyi kuno ku Mzuzu n'kwakuti anthu ambiri muholo amamva zinenero zonse ziwiri. Umamasulirira ochepa chabe, otsalawo akungokudikira uphonye.

Tsiku loipa linali Loweruka lina masana, nyengo ya mvula, muholo ya sukulu ku Chibavi. Ndondomeko anandipatsira pakhomo. Ndinaiwerenga pomwepo. Mmodzi mwa opikisana anali a Chimbalanga, wamalonda wochokera ku Ntcheu, mwini wa nyumba imene ndinkachita lendi. M'nyumbamo munali mkazi wanga, amene anali atafa ziwalo mbali imodzi. A Chimbalanga Chitumbuka ankadziwa cha moni ndi cha pamsika basi. Wopikisana nawo anali NyaJere, mayi wamasiye wogulitsa nyemba.

Ndinapempha a Gondwe apeze wina. Anati, "Timupeza kuti panopa? Imani, adada."

Za ngalande ndi zinyalala zinayenda bwino. Kenako a Chimbalanga, atapanikizidwa pa nkhani ya mlatho, analoza NyaJere n'kunena kuti, "Mayi wopanda mwamuna angasunge wodi? Akayambe wasunga banja." Ndinamasulira m'Chitumbuka momwemo, anyamata a Chimbalanga akuimba likhweru. Anyamatawo anali atadzaza pakhomo. Khomo linali limodzi, mawindo a zitsulo.

NyaJere anaimirira mosafulumira, n'kuyankha m'Chitumbuka ziganizo zitatu zokha. Holo inaphulika. Amayi anakwera pamabenchi, nthungululu mpaka kumsewu. A Chimbalanga ankangomwetulira, osadziwa chimene chawagwera, n'kutembenukira kwa ine kuti ndiwauze.

Ndinakweza maikolofoni. Ndikanatha kungoti mayiwa akupempha tisakambe za mabanja. Koma anthu anali atayamba kale kukuwa: "Yowoyani vyose, adada! Nenani zonse!" A Gondwe anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinaganiza za mkazi wanga ali gone pamatiresi kunyumba, ndinayang'ananso anyamata pakhomo, ndipo mawu anatuluka ouma ngati si anga:

"Mwamuna wanga ndinamusunga mpaka kumanda. Inu akazi anu awiri aja ali kuti? Wina ndi uyo wakhala apoyo, wavala nsalu yanga ya kampeni."

Mayi wolozedwayo anaimiriradi, n'kuzungulira kuti onse aione nsaluyo. Anthu anasekanso kachiwiri, tsopano m'Chichewa.

A Chimbalanga sanamuyang'ane n'komwe NyaJere. Anayang'ana ine.

"Aphunzitsi, mwatero?"

"Ndi mawu a mayiwa, bwana."

"Ine ndamva pakamwa panu."

Anyamata anayamba kukankha mabenchi kubwera kutsogolo. Wina anandigwira jekete mpaka thumba kung'ambika, mabatire mbwee pansi. Anandipulumutsa ndi amayi a pamsika, amene anandiika pakati pawo n'kutuluka nane akuimba, ine nditawerama ngati wakuba.

Mlungu usanathe ndinauzidwa kuti nyumba ikufunika kukonzedwa, ndituluke. Sindinaphonyepo lendi, malisiti onse alipo, koma palibe anafuna kuwaona. Ndinapita kwa a Gondwe. Anati, "Pepani chomene, adada, koma za nyumba si za bungwe." NyaJere, amene ndinamunyamulira mawu ake, tinakumana pamsika, anangoti "yewo" n'kupitiriza kuyeza nyemba. Tinasamukira ku Chiputula mvula ikugwa, mkazi wanga atagonekedwa kumbuyo kwa lole, tamufunditsa pulasitiki.

Yankho lija mpaka lero a kabaza amalibwereza akamanyozana pasiteji, ndipo amatama NyaJere. Zimandipsetsa mtima kuti palibe amafunsa zimene zinachitikira munthu amene analinena m'Chichewa.

Ntchito sindinaisiye, ndipo sindinafewetsepo mawu a munthu. Koma kuyambira pamenepo, wondiitana aliyense ndimamufunsa maina a onse odzakhala kutsogolo ndisanavomere. Pakakhala mwini nyumba wanga, kapena namwino amene amabwera kudzaona mkazi wanga, ndimati, "Funani wina wogona m'nyumba yakeyake."